Sukulu ndiyo idalera nthano zolembedwa m'Chichewa

Mabuku a nthano a m'Chichewa adabadwira pamishoni, nakulira m'kalasi, ndipo ichi ndicho chidaumba kalembedwe kake. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adalemba Nthondo, buku lomwe lidapambana mpikisano wa bungwe la ku London loona za zilankhulo za mu Africa ndi kusindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi. Mnyamata wa m'bukulo amasochera, amapita kukagwira ntchito kummwera, kenaka amatembenuka mtima: njira yomwe amishoni eni makina osindikizira ankakondwera nayo. Pomwe John Gwengwe ankatulutsa Sikusinja ndi Gwenembe mu 1965, wogula wamkulu adali akadali mwana wasukulu wokonzekera mayeso. Wolemba wofuna kuti buku lake ligulidwe ankayenera kukondweretsa osankha mabuku a sukulu, ndiye wolakwa m'nthano ankalangidwa ndithu.

Ena anganene kuti khalidweli lidachokera ku nthano za agogo, zomwenso zimaphunzitsa mwambo. Zoona, komatu nthano zapamoto zimalola Kalulu kunyenga anzake n'kupulumuka, ana nkumaseka. Ufulu woterewu udachepa papepala, makamaka lamulo lounika mabuku litakhazikitsidwa mu 1968, chaka chomwechonso Chichewa chidasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko. Owerenga adachuluka, inde, koma olemba ngati Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani ankalemba akudziwa kuti buku lawo lidzadutsa kaye m'manja mwa ounika a boma lisanafike m'sitolo.