Mawu a Chingerezi M'kamwa mwa Anthu a ku Mzuzu

Mzinda wa Mzuzu unakula kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 chifukwa cha minda ya mitengo ya tung pa Vipya. Koma Chingerezi chinali chitafika kale kumpoto kuno, pakuti Dr. Robert Laws anatsegula sukulu yake ku Khondowe mu 1894, ndipo ambiri mwa makalaliki ndi aphunzitsi a Nyasaland anachokera kumeneko.

Tiyeni tione zimene zinachitikira mawu achilendowo. M'Chicheŵa ndi m'Chitumbuka momwe, phatikizo limathera ndi lembo la liwu, kupatula "m" amene amaima yekha, monga m'dzina lakuti M-zu-zu. Chingerezi sichitero: chimaunjika malembo opanda liwu pamodzi. Mawu akuti "school" ndi phatikizo limodzi, koma makolo athu analoŵetsa malembo a liwu pakati ndi kumapeto, nakhala atatu: su-ku-lu. Momwemonso "book" anasanduka buku, "spoon" supuni, "clerk" kalaliki. Aphunzitsi ena ankayesa izi ndi kulephera kwa lilime, koma anthuwo ankatsata lamulo la chilankhulo chawo mosaphonya.

Mpingo wathunso unadutsa njira yomweyo. Mons. Marcel St. Denis, amene anayamba kutsogolera dera lino mu 1947, ndi Ambuye Jean-Louis Jobidon, Episkopi woyamba wa Dayosizi ya Mzuzu kuyambira 1961, anali Azibambo Oyera ochokera ku Canada. Ambiri mwa ansembe a gululo anakulira m'Chifalansa, kotero Chingerezi chinali chophunzira kwa iwonso. Msonkhano Waukulu wa Vatican II utalola mu 1963 kuti zilankhulo za anthu ziloŵe m'mapemphero a Mpingo, mawu monga Ukaristia ndi Khirisimasi anamveka pa guwa atavala zovala zathu.

Phunziro lake ndi lotani kwa inu abale a m'seminale? Phunzirani kugaŵa ndi kutchula bwino mawu a Chingerezi, pakuti mabuku a filosofi akukudikirani. Koma mukadzafika ku parishi, musadzaseke gogo wotchula mawu achilendo monga mwa makolo ake. Mawu a Mulungu anadzakhala munthu nalankhula Chiaramu cha ku Galileya, ndipo Petro yemwe anazindikirika ndi kalankhulidwe kake. Wansembe wochita manyazi ndi lilime la amayi ake adzalalikira bwanji kwa iwo?