Kalembedwe ka CV yodutsa pa sefa ya kompyuta

Achinyamata ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota akamaliza sukulu amabwera ku Lilongwe kudzakhala kwa achibale ku Kaliyeka, Kawale kapena Area 23, n'kumafunafuna ntchito. Amatumiza makalata pa intaneti miyezi ingapo osalandira yankho, mpaka makolo kumudzi amayamba kuganiza kuti mwanayo ndi waulesi, kapena kuti ntchito zimangopita kwa abale a mabwana. Kukondera kulipo, sitikukana. Koma nthawi zina CV imakhala itagwera pa kompyuta munthu asanaione n'komwe.

Makampani akuluakulu ndi mabungwe ochokera kunja amalandira makalata kudzera m'mapulogalamu otchedwa ATS, chidule cha Applicant Tracking System. Odziwika ndi Workday, Taleo ya Oracle ndi SuccessFactors ya SAP, pomwe likulu la United Nations lili ndi yakeyake, Inspira. Pulogalamuyi imatola mawu a mu CV n'kuwaika m'magulu: dzina, maphunziro, malo amene munagwirako ntchito ndi zaka zake. Kenako wolemba anthu ntchito amasaka ndi mawu amene akufuna, ndipo amene pulogalamu yalephera kumuwerenga saoneka. Ntchito zina zolengezedwa mu The Nation ndi The Daily Times zimafunabe kalata ya papepala, ndipo zimenezo amawerenga ndi munthu.

Pamene ambiri timalakwitsa ndi pa fayilo. Munthu amataipitsa CV pa stationery ya pamsika, amaipulinta, kenako amaijambula ndi foni n'kutumiza. Kwa ife ikuoneka bwino, koma kwa pulogalamu yosawerenga zithunzi ndi pepala lopanda kanthu. Mukataipitsa, pemphani fayilo yeniyeni ya Word, muisunge pa foni kapena pa flash, ndipo PDF ipangidwe kuchokera ku fayilo imeneyo. Kuyesa kwake n'kosavuta: koperani mawu onse, muwaike mu Notepad. Akatuluka mu dongosolo lake, zili bwino. Akasakanikirana kapena ena akasowa, konzani.

Zokongoletsa nazo zimasokoneza. CV ya mizere iwiri yoimirira, ya matebulo ndi timabokosi, ikhoza kuwerengedwa mopingasa, dzina la sukulu n'kulumikizana ndi dzina la kampani. Lembani kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndi mitu yozolowereka: Work Experience, Education, Skills. Nambala ya foni yoyamba ndi +265 komanso imelo zikhale m'thupi la pepala, osati mu header, poti mapulogalamu ena amadumpha pamenepo.

Werengani chilengezo cha ntchito mofatsa, muone mawu amene akubwerezedwa. Ngati akufuna data entry ndi Microsoft Excel, inu n'kulemba kuti computer literate basi, posaka simupezeka ngakhale lusolo muli nalo. Chidule ndi dzina lonse zilembedwe pamodzi, monga MSCE ndi Malawi School Certificate of Education. Ndiye kuti CV imodzi singakwanire ntchito zonse, pamafunika kusinthako mizere ingapo nthawi iliyonse.

Pali nkhani ina yokhudza mabanja athu. Dzina limodzi limalembedwa Muhammad pa satifiketi ya MANEB, Mohamed pa chiphaso cha unzika, Mohammed pa imelo. Sefa mukhoza kudutsa, koma tsiku lofananitsa mapepala pamabuka mafunso. Pa CV tsatirani chiphaso cha NRB, ndipo kusiyanako kukonzedwe ntchito isanapezeke. Amene anaphunzira ku Al-Azhar ku Cairo kapena ku International University of Africa ku Khartoum alembe dzina la digiri m'Chingerezi, mapepala awo akatsimikizidwe ku NCHE. Amene anamaliza ku Polytechnic isanasanduke MUBAS mu 2021 alembe zimene zili pa satifiketi yawo.

Ena amalangiza kuti mukopere chilengezo chonse mu CV ndi zilembo zoyera, kuti kompyuta iwerenge koma munthu asaone. Ichi ndi chinyengo, ndiponso sichibisika, chifukwa pulogalamu ikatola mawu imawaonetsa onse poyera. N'chimodzimodzi mafunso a pa fomu, monga zaka zimene mwagwira ntchito kapena ngati muli ndi laisensi yoyendetsera galimoto. Mafunso amenewa ndiwo amatha kuchotsa munthu nthawi yomweyo, choncho musawadumphe, ndipo muyankhe zoona poti adzafuna umboni.

Makinawo nawo amalakwa. Mu 2018 Reuters inalemba kuti Amazon inasiya pulogalamu yake yoyesera itapezeka kuti ikuchepetsa malikisi a CV zokhala ndi mawu akuti women's. Choncho mwana akakanidwa, makolo musathamangire kumuweruza. Mufunseni kuti anatumiza fayilo yotani, ndipo akakuuzani kuti wina akufuna ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti CV yake idutse, musatumize. Sefa ya kompyuta silipiritsa.