Reg, nit ndi calling station: mayina a zizolowezi pa tebulo la poker

Munthu akamasewera poker pa intaneti tsiku ndi tsiku, pa matebulo a ndalama zofanana, amayamba kukumana ndi mayina omwewo. Pa PokerStars kapena GGPoker nkhope sizioneka, koma dzina limene linali kumanzere kwako dzulo ulipezanso lero. Anthu oterewa amatchedwa ma reg. Si onse amene ali akatswiri. Ambiri anaphunzirako pang'ono, anasiya zolakwa zikuluzikulu, ndipo amatsegula matebulo anayi kapena asanu nthawi imodzi. Kufooka kwawo kuli pomwepo, chifukwa munthu wa matebulo ambiri alibe mpata woganizira kugawa kulikonse kwa makadi, komwe iwo amati hand. Amangochita zimene anazolowera.

Ongoyamba kumene amathamangira fish, wosewera wongodzisangalatsa amene amalowa ndi makadi alionse. N'zoona kuti ndalama zambiri zimachokera kwa ameneyo. Koma pa tebulo la anthu 6, fish amatha kukhala mmodzi, anayi enawo n'kukhala ma reg, ndipo eni webusaiti amadula kagawo kawo, kotchedwa rake, pa ndalama zimene zaunjikidwa pakati. Amene sadziwa kudyako kwa ma reg amatha pang'onopang'ono ndi rake, ndipo n'chifukwa chake osewera ambiri amaluza ukawerengera kwa nthawi yaitali.

Kuti chizolowezi chioneke pamafunika kuchiwerenga. Mapulogalamu monga PokerTracker ndi Holdem Manager amasunga hand iliyonse imene wasewera, kenako n'kuika manambala pambali pa dzina la mnzako. Kabokosi ka manambalako ndi HUD. Nambala yoyamba ndi VPIP: pa ma hand 100, ndi angati amene munthuyo anaika ndalama mwa kufuna kwake? Yachiwiri ndi PFR: ndi angati amene anakweza ndalama makadi apakati asanatembenuzidwe? Reg wabwinobwino pa tebulo la anthu 6 amakhala chapafupi ndi 24 ndi 20. Ukaona 14 ndi 11, ameneyo ndi nit, munthu wodikira makadi apamwamba okhaokha. Ukaona 45 ndi 8, wapeza calling station, wolowa kwambiri koma wosakweza, amene amangolipira chilichonse kuti aone mapeto. Wosankha makadi koma wolimba mtima akalowa amati TAG, ndipo wolowa ndi ambiri n'kumakweza pafupipafupi ndi LAG.

Ine ndimaona kuti mayinawa amanyenga anthu. Kutchula munthu kuti nit sikunakupatse tambala. Chimene chimalipira n'kudziwa malo enieni amene amagonjera, ndipo apa masamu amalowa.

Tiyambe ndi kuba ma blind. Mu Texas Hold'em anthu awiri amakakamizidwa kuika ndalama, zotchedwa ma blind, makadi asanagawidwe: wina theka, wina imodzi yathunthu, zonse pamodzi 1.5. Amene ali pa button, malo omaliza kusankha chochita makadi apakati akatuluka, akakweza mpaka 2.5, waika 2.5 pachiswe kuti atenge 1.5. Ngati awiriwo amataya makadi koposa maulendo 62.5 pa 100, wapindula kale ngakhale makadi ake atakhala achabechabe. Ma nit awiri akakhala kumanzere kwako, malo amenewa ndi munda wako.

Chimodzimodzi ndi c-bet, kubetchanso kwa amene anakweza poyamba, makadi atatu a flop akangotembenuzidwa. Munthu wogwira makadi awiri osiyana amapeza lofanana nalo pa flop pafupifupi kamodzi pa katatu. Kawiri konse amakhala wopanda kanthu. Tsono pali ma reg amene akaphonya amangotaya basi. Kubetcha theka la ndalama zili pakati kumangofunika kuti mnzako ataye kamodzi pa katatu kuti usaluze. Ngati HUD ikuonetsa kuti amataya maulendo 60 pa 100, palibe chifukwa chomusiyira. Palinso reg wa mtundu wina, amene amabetcha flop nthawi zonse koma akayankhidwa amazizira pa turn, khadi lachinayi. Ameneyo umamulipira pa flop ulibe kanthu, n'cholinga chotenga zonse akangokhala chete. Kachitidweka amati float.

Koma njira imene ndimailemekeza kwambiri ilibe phokoso, ndipo ambiri saiwerengera n'komwe ngati kudya mnzako. Pa matebulo a ndalama zochepa, ma reg ambiri sachita bluff pa river, khadi lomaliza. Bluff ndi kubetcha ulibe makadi abwino kuti mnzako achite mantha. Reg wotereyu akakweza kwambiri pa river, amakhala ndi makadi abwinodi. Kumudya ndiye kutaya makadi ako, ngakhale ali abwino, ngakhale mtima ukukana. Zimapweteka, chifukwa sudzaona chimene anagwira, ndipo palibe ndalama imene ibwere kwa iwe pa nthawiyo. Komabe iye anayembekeza ola lathunthu kuti apeze makadi amenewo, ndipo tsiku lake lonse limadalira kuti wina amulipire. Ukamumana, wamulanda phindu lake. Kwa calling station zinthu zimatembenuka: bluff umaisiyiratu, koma ukagwira makadi abwinoko pang'ono umabetcha ndithu mpaka kumapeto, popeza alipira.

Zonsezi amazitcha exploit, ndipo mawu amene amayenda nawo ngati mnzake wotsutsana naye ndi GTO. GTO inachokera ku masamu a John Nash: ndi kasewero kolinganizidwa bwino moti mnzako, ngakhale atadziwa zonse zimene umachita, sangakudye. Mapulogalamu otchedwa solver, monga PioSOLVER imene inatuluka mu 2015, amawerengera kasewero kameneka, ndipo mu 2017 pulogalamu ya Libratus ya ku Carnegie Mellon University inagonjetsa akatswiri anayi ku Pittsburgh pa ma hand 120,000. Ma reg a masiku ano amaphunzira kwa solver. Sindikhulupirira kuti zimenezi zathetsa exploit. Palibe munthu angaloweze pamtima mayankho onse a solver, ndipo ubwino wake weniweni ngwakuti imakuonetsa pamene pali pakati, kuti uzindikire mnzako akapendekera mbali imodzi.

Vuto n'lakuti ukamupendekera iye, nawenso wapendekeka. Zili ngati mu mpira wa miyendo: goloboyi amene waona kuti womenya penate amakonda kumanzere amatha kudumphira komweko mpira usanamenyedwe, koma womenyayo akazindikira, kumanja kwatsala pululu. Reg naye ali ndi HUD, ndipo dzina lako lili mmenemo. Akaona kuti ukuba ma blind ake nthawi zonse, ayamba kukwezanso pamwamba pa kukweza kwako, komwe amati 3-bet, ndipo uyenera kuzindikira msanga kuti munthu uja wasintha.

Manambala nawonso amafuna kuleza mtima. VPIP imayamba kunena zoona pakatha ma hand mazana angapo, koma za pa river zimafuna masauzande, chifukwa ma hand ofika kumeneko ndi ochepa. Amene amaweruza mnzake ataona maulendo asanu okha akusewera ndi mphepo. Ndipo si kulikonse kumene HUD imaloledwa: partypoker inailetsa mu 2019, ndipo GGPoker imakana mapulogalamu a makampani ena. Kumeneko chimatsala ndi note, timawu timene umalemba wekha pa dzina la munthu. Note yongoti "nit" ilibe ntchito. Yothandiza imatchula malo, kukula kwa ndalama ndi makadi amene anaonetsa: anakweza kuchokera pa button, anabetcha kotala pa flop, anaika zonse pa river, anali ndi ma ace awiri.