Galamafoni ya m'galaja ku Brampton

Lero ndabwera ndi nkhani ya kabati imene ndinangotsala pang'ono kuiwononga ndi manja angawa.

Chaka chatha, nyengo yotentha, banja lina kuno ku Brampton linkagulitsa katundu wa malemu agogo awo pakhomo. Pakati pa mipando ndi mapoto panali kabati yakuda bii, yondifika pachifuwa, yokhala ndi chopukusira m'mbali. Nditatukula chivindikiro ndinaona chithunzi cha galu akumvetsera pa lipenga. Mtima unagunda. Galu ameneyu amayi anga amamutchula nthawi zonse akamakamba za bambo awo, amene anapita ku Joni pa Wenela m'zaka za m'ma 1950 n'kubwerera ku Ntcheu ndi njinga, jasi ndi galamafoni. Ndinalipira osanenerera n'komwe.

Mkati munali kachitsulo kolembedwa kuti Berliner Gram-o-phone Company, Montreal. Apa ndiye pali mbiri. Mu 1877 Thomas Edison anapanga makina oyamba ojambula mawu n'kuwabweza, koma mawuwo ankakhala pa chinthu chobulungira ngati chitini. Patatha zaka khumi, mu 1887, Emile Berliner, wobadwira ku Germany, anabwera ndi mbale yafulati, makina ake n'kuwatcha gramophone. Galamafoni yathu ija dzina lake lachokera pamenepo. Pofika 1900 Berliner anali atayamba kupanga mbale ku Montreal, ndipo kampaniyo inakhala ndi dzina lake mpaka 1924 pamene Victor ya ku America inaitenga. Ndiye kuti kabati yanga yapitirira zaka 100.

Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti makina oyamba anali ndi chilipenga choonekera, chimene sichinkakongoletsa pabalaza. Mu 1906 Victor inatulutsa Victrola, lipenga n'kulibisa mkati mwa kabati. Kuyambira pamenepo galamafoni inasanduka ntchito ya akalipentala. Kuno ku Ontario, mafakitale a mipando analowa nawo m'bizineziyi. Ku Kitchener, mzinda umene unkatchedwa Berlin mpaka 1916, kampani ya Arthur Pollock inkapanga makina otchedwa Phonola. Pa kabati yanga palibe batani la voliyumu. Pali tizitseko tiwiri kutsogolo: ukatsegula mawu amakwera, ukatseka amatsika. Basi. Thabwa lenilenilo ndi mbali ya chida choimbira.

Tsono mverani uchitsiru wanga. Vanishi wake anali atada, atang'ambikang'ambika ngati khungu la ng'ona. Ine ndinati apa n'pophweka: ndipale zonse, ndipake vanishi watsopano wa m'sitolo, iwale ngati ya dzulo. Ndinabwereka makina a sandipepala, n'kuyamba mbali ya kumanzere. Pasanathe mphindi ziwiri panatuluka banga loyera, lalikulu ngati chikhatho. Sindinadziwe kuti mtengo wofiira wokongolawo, mahogany, wachibale wa mbawa yathu ija, unali kachikhungu kopyapyala komatidwa pamwamba pa thabwa wamba. Ndinali nditauboola.

Mdala wina woyandikana nane, amene anagwira ntchito ya mipando moyo wake wonse, anamva phokoso n'kusuzumira m'galaja. Anangogwira pakamwa. Kenako anati, “Mwana wanga, zimitsa chinthucho. Kabatiyi siinadwale, yangoda.” Anatenga kathonje, n'kukanyowetsa ndi sipiriti, n'kupaka kuseri kwa mwendo kumene sikuoneka. Vanishi uja anafewa, n'kuyamba kunanda. Anati, “Waona? Ameneyu ndi shellac. Sapalidwa. Amasungunulidwa n'kugonekedwanso.”

Shellac ndi utomoni umene tizilombo tina timatulutsa pa nthambi za mitengo ku India ndi ku Thailand. Anthu amaukanda, n'kuuyeretsa, n'kuusungunula mu sipiriti. Ubwino wake ndi woti ngakhale patapita zaka zambiri, sipiriti amausungunulabe, moti ming'alu imatsekeka yokha, watsopano n'kugwirana ndi wakale. Vanishi wa pulasitiki amene ndinkafuna ine satero. Akang'ambika, mankhwala ake n'kupala basi. Koma chimene chinandizizimutsa ndi ichi: mbale zimene galamafoni imaimba, zozungulira ka 78 pa mphindi, nazonso zinkapangidwa ndi shellac yemweyo wosakaniza ndi fumbi la miyala. Khungu la kabati ndi mawu a m'mbale, gwero lake ndi kachilombo kamodzi.

Ntchito inatenga masabata asanu ndi limodzi. Poyamba kutsuka: kansalu kofewa ndi mankhwala ochotsa mafuta, pang'onopang'ono, mpaka litsiro, utsi wa fodya ndi phula lakale zitachoka. Mtengo wofiira unayamba kuonekera wokha. Kenako kumata. Akale ankagwiritsa ntchito guluu wophikidwa kuchokera ku zikopa za nyama, amene amafewa ndi kutentha ndi chinyezi, choncho pamene kachikhungu kanatukuka tinalowetsa guluu wa mtundu womwewo n'kupanikiza usiku wonse. Pomaliza burashi yonyowa ndi sipiriti, kamodzi kokha pamalo, osabwereza, kudikira kuti paume, kenako shellac watsopano wopyapyala kawiri ndi phula. Chithunzi cha galu chija sitinachikhudze ndi sipiriti ngakhale dontho, chifukwa chikanasungunuka. Banga langa lija tinalidetsa ndi utoto, koma ukayang'anitsitsa limaoneka. Kuthamanga sikufika, anatero akale.

Nthawi yonseyi ndinkaganiza za galamafoni ya agogo. Yawo sinali kabati ngati iyi. Inali ya kasutikesi, yonyamula pamanja, chifukwa munthu wochokera ku migodi sakanakwera sitima ndi lole atasenza kabati. Makina ngati amenewo ndi amene anabweretsa nyimbo za ku Joni ndi ku Salisbury m'midzi ya Nyasaland. Kwela ya Spokes Mashiyane inamveka kwathu, ndipo Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anaitenga n'kuipatsa kakomedwe kawokawo. Ulendo unalinso wobwerera: Hugh Tracey anayenda m'Nyasaland mu 1950 ndi mu 1958 akujambula oimba a m'midzi, ndipo mawu awo akusungidwa mpaka lero ku International Library of African Music ku South Africa. Kenako wayilesi inalanda malo. Kuyambira 1949 kunabwera kawayilesi kotchipa ka batire kooneka ngati sefuliya, kamene kankagwira siteshoni ya ku Lusaka kumene Alick Nkhata ankaimba ndi kuulutsa mawu. Wayilesi siifuna kupukusa, siifuna singano yatsopano pa nyimbo iliyonse. Galamafoni inakankhidwira kunsi kwa bedi.

Ndinafunsa amayi kuti ya agogo inathera kuti. Anati, “Iii, mwanawe, chiswe chinadya bokosi lonse. Mbale zija ana ankaponyerana pabwalo.” Palibe amene analakwa. Panthawiyo chinali chinthu chakutha basi, ngati foni yanu yakale ili m'dirowa. Koma taganizani: mwamuna anapita pansi pa nthaka zaka zingapo, anakana kukhala mtchona, anabwera ndi nyimbo m'manja, ndipo lero palibe ngakhale kachitsulo kotsala. Ya eni ake a kuno yafika zaka 100 ili bwinobwino, ndiye ine mdzukulu wa mwamuna uja n'kudzaiboola ndi sandipepala pa mphindi ziwiri!

Tsiku limene tinamaliza, ndinaimbira amayi pa WhatsApp. Ndinapukusa, n'kuika singano yatsopano, n'kutsegula tizitseko. Mbale inali ya gulu lina la azungu, imene ndinaipeza m'kabatimo, nyimbo yoti amayi sanaimvepo. Koma nyimbo isanayambe, singano ikungokanda m'mphepete, amayi anati, “Eya! Kaphokoso komweko. Bambo akamapukusa tinkakhala chete kudikira kameneko.” Anakhala duu mpaka mbale inatha, mphindi zitatu, kenako anati, “Tabwerezanso.”

Ndiye anzanga, mukapeza kabati yakale, musathamangire sandipepala. Yesani kaye ndi kathonje pamalo obisika, ndipo tsegulani mawindo chifukwa sipiriti amayaka. Komanso sabata ino imbirani akuluakulu kumudzi muwafunse: kwathu ndani anapita ku Joni kapena ku Halale, anabwera ndi chiyani, ndipo chinathera kuti? Mutitumizire zimene akuuzeni, tidzawerenge m'gawo likubwerali. Tsalani bwino.