Ampu ya gitala yoti mudzasiyire mwana: yang'anani kumbuyo kaye

Anzanga akaona ampu yooneka yachikale pa Facebook amathamangira kufunsa mtengo. Ine ndimayamba ndapempha chithunzi cha kumbuyo kwake. Ma ampu opangidwira msika wa ku America amafuna magetsi a 120V, pomwe kuno kwathu ndi 230V. Kungolumikiza popanda transifoma, basi, utsi, ndalama zapita.

Ngati mukufuna yokhalitsa, ine ndingati tengani ya ma valve. Fender '65 Deluxe Reverb, ya mawati 22 ndi sipika ya mainchesi 12, inatengera ampu ya m'ma 1960. Vox AC30, ija ankagwiritsa ntchito a Beatles, ikupangidwabe, kungoti ndi yolemera, ndipo ngati mumakhala nyumba ya lendi, aneba akudani sabata isanathe.

Ma valve amatha ngati babu, koma mumangosintha, ampu n'kupitiriza kulira. Ma ampu a digito otsanzira mawu akale ndi otchipa, eya, koma bolodi ikadzapsa patatha zaka 20, ina mukaipeza kuti?

Mukagula, osayatsa sipika isanalumikizidwe. Osatsegulanso mkati nokha: ma capacitor amasunga magetsi otha kupha munthu ngakhale mwazula pulagi.