Mapa a Dziko Lathu, Kale ndi Lero

Makolo athu ankalidziwa dziko lawo popanda pepala. Msodzi wa ku Metangula ankadziwa magombe a nyanja. Mlenje ankadziwa pamene pali dambo ndi pamene mtsinje umawolokeka. Nzeru zimenezi ankazisunga m'mutu, ndipo ankauza ana awo pakamwa.

Atsamunda anabwera ndi mapa. Mapa ndi cithunzi ca dziko pa pepala. Amaonetsa mitsinje, mapiri, njira ndi malire. Koma mapa a atsamunda sanali oti ife tiziwerenga. Ankasungidwa ku Lisboa ndi ku London.

Mu 1886 boma la Portugal linaonetsa maiko a ku Ulaya mapa ena, dzina lake Mapa Cor-de-Rosa. Pa mapawo anapaka utoto wofiirira dziko lonse kucokera ku Angola mpaka ku Moçambique, nati lonseli ndi lawo. Angelezi anakana. Pa 11 Januwale 1890 anauza Apwitikizi kuti acotse asilikali awo ku dera la mtsinje wa Shire. Mu 1891 maboma awiriwo anagwirizana za malire, ndipo eni dziko sanafunsidwe. Mzere wa pa pepala unagawa Angoni, ena kukhala ku Angónia, ena ku Dedza ndi ku Ntcheu. Unagawanso Anyanja. Zisumbu za Likoma ndi Chizumulu, zimene timaziona tikaima ku Cóbuè, zinapita kwa Angelezi, ndipo lero ndi za Malawi.

Ngakhale ku Ulaya komweko mapa anali a boma, ndipo wofuna kuwagwiritsa nchito ankalipira ndalama zambiri. Mu 2004 mnyamata wina wa ku England, Steve Coast, anayamba nchito ya OpenStreetMap. Ganizo lake linali lakuti anthu wamba ajambule okha mapa a dziko lonse lapansi, awaike pa intaneti, ndipo aliyense aziwatenga kwaulere. Wotenga amafunika kunena kumene wawatenga. Ili ngati nkhokwe ya mudzi wonse: wina athiramo msewu, wina sukulu, wina cipatala.

Phindu lake linaoneka mu Januwale 2010, pamene civomezi cinagwetsa mzinda wa Port-au-Prince ku Haiti. Anthu odzipereka a m'maiko ambiri anaujambula mzindawo m'masiku owerengeka, ndipo opulumutsa anthu anayendera mapa amenewo.

Mu 2019 tsoka linafika kwathu. Usiku wa pa 14 Malichi namondwe Idai anagunda mzinda wa Beira. Mitsinje ya Búzi ndi Púnguè inasefukira, ndipo anthu anakhala masiku pa madenga ndi m'mitengo. Ku Moçambique kokha kunafa anthu oposa 600. Obweretsa cakudya ndi mankhwala anali ndi funso limodzi: kodi anthu ali kuti? Midzi yambiri sinali pa mapa.

Gulu la Humanitarian OpenStreetMap Team linaitana anthu odzipereka. Nchito inayenda motere. Anatenga zithunzi zojambulidwa kucokera kumwamba ndi makina ozungulira dziko, nazigawa m'magawo ang'onoang'ono, monga timagawira ndime polima. Munthu aliyense, ali pa kompyuta kwawo, ankatenga ndime yake nkulemba denga lililonse ndi njira iliyonse imene waona. Kenaka wodziwa bwino nchitoyo ankabwera pambuyo kukonza zolakwika. Mapawo ankafika kwa ogawa thandizo kudzera pa intaneti. Ambiri mwa ojambulawo sanapondepo ku Sofala.

Koma diso la kumwamba siliona zonse. Denga la malata limawala, pamene nyumba ya udzu pansi pa mtengo wa mango imabisika. Ndiye kuti wosauka ndi amene amasowa msanga pa mapa. Cithunzi sicinena dzina la mudzi. Sicinena kuti citsime ici cimauma mu Okutobala, kapena kuti njira iyi galimoto silidutsa mvula ikagwa. Zimenezi amazidziwa ndi anthu okhala pamalopo. Wa telefoni yokhala ndi GPS angathe kuima pa citsime, kulemba dzina lake m'cinenero cathu, ndi kulitumiza ku nkhokwe ija.

Patangopita masabata 6 cicitikire ca Idai, pa 25 Epulo 2019, namondwe Kenneth anagunda ku Cabo Delgado. Ojambula aja anatenganso ndime, nayamba kufunafuna madenga a ku Macomia ndi ku Ibo.