Nzelu za ku Katete

Ca m'ma 1970, Robert Serpell wa pa University of Zambia anafunsa akulu-akulu a m'midzi ya Acewa ku Katete kuti mwana wanzelu ni wotani. Iwo anati kucenjela pakokha sikukwanila: wanzelu ni uja amene ungamutume, n'kukacita zonse mokhulupilika. Wocenjela cabe, monga Kalulu wa m'nthano zathu, sitimudalila.

Koma masukulu athu anali kupima kucenjela kokha, ndipo kucokela mu 1966 anali kuphunzitsa m'Cingelezi kuyambila Giledi 1. Ambili mwa ana amene Serpell anawatsatila mpaka atakula sanapitilile Giledi 7. Anali kudziona ngati olephela, ngakhale kuti ndiwo anadzagwila minda na kulela mabanja m'midzimo. Mu 2014 tinabwezela Cinyanja m'makalasi oyambilila, koma pa lipoti la mwana panalibebe mzele wolembapo kutumika kwake.